Madokotala Atsegula Mitsempha Yotsekeka Popanda Mpeni

Kale munthu akauzidwa ku cipatala kuti mtsempha wa magazi watsekeka m'mwendo mwake, iye pamodzi ndi abale ake anali kudziwiratu kuti cotsatira ndi mpeni. Madokotala anali kung'amba thupi kuti aufike mtsemphawo, ndipo zikalephereka anali kudula mwendo. Masiku ano m'zipatala zazikulu za m'maiko ambiri nchito yotere imagwiridwa mwa njira ina. Dokotala amaboola khungu ndi singano, nalowetsa kapaipi kowonda mkati mwa mtsempha, nakayendetsa pang'onopang'ono kufikira pamalo pamene pali bvuto, uku akupenyerera zonse pa galasi la makina a X-ray. Bala limene limatsala ndi laling'ono kotero kuti kawirikawiri silifuna kusoka, ndipo odwala ambiri amabwerera kwao tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Njira imeneyi yapulumutsa miyendo, mitima ndi miyoyo ya anthu ambiri. Koma iri ndi lamulo limodzi losasinthika: imathandiza pokhapo ngati mnofu umene ukusowa magazi ukali wamoyo. Cifukwa cake nkhaniyi siiri ya madokotala okha. Ikhudzanso mlimi wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, pakuti ndiye woyamba kuona cizindikiro, ndipo ndiye amene amasankha kupita ku cipatala lero kapena kuyembekeza mwezi wamawa.

Mitsempha ndiyo ngalande za thupi

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo mtima wake umagunda nthawi pafupifupi 100,000 pa tsiku kuwakankha kuti azungulire thupi lonse. Mitsempha ina imacotsa magazi kumtima kupita ku ziwalo, ina imawabweza. Aliyense amene analimapo dimba adziwa cimene cimacitika ngalande ikadzala matope: madzi amayamba kucepa, bedi la kumapeto limafota, ndipo ngalandeyo ikatsekekeratu ndiwo zimauma.

M'thupi namonso ziri cimodzimodzi. Mafuta amamatirira ku makoma a mtsempha kwa zaka zambiri munthu osamva kanthu, njira ya magazi niipanikizika. Tsiku lina magazi amaundana pamalo opanikizikawo, njira niitsekeka. Zimene zimafulumiza bvutoli ndi kusuta fodya, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kumene anthu amati BP, ndi ukalamba. Mtsempha wa mtima ukatsekeka munthu amamva kuphwanya pacifuwa ndipo akhoza kufa mwadzidzidzi. Ukatsekeka wa ku ubongo amagwidwa ndi sitiroko, mbali imodzi ya thupi niifa. Ukatsekeka wa m'mwendo zala zimazizira, zilonda zimakana kupola, ndipo potsiriza phazi limada ndi kuola.

Kuona mkati mwa munthu wamoyo

Bvuto loyamba la madokotala linali lakuti sanali kutha kuona pamene patsekeka. Mu 1895 katswiri wa ku Germany, Wilhelm Röntgen, anatulukira kuwala kwa X-ray, koma kuwalako kunali kuonetsa mafupa, osati mitsempha. Mu 1927 dokotala wa ku Lisbon m'dziko la Portugal, Egas Moniz, anabaya mankhwala okhala ndi ayodini mumtsempha wa m'khosi mwa wodwala najambula cithunzi, ndipo mitsempha ya ku ubongo inaoneka ngati nthambi za mtengo. Kufikira lero madokotala amathira mankhwala a mtundu wotere kuti njira za magazi zionekere.

Patapita zaka ziwiri, mu 1929, dokotala wacinyamata wa zaka 25 dzina lake Werner Forssmann, wa pa cipatala ca ku Eberswalde ku Germany, anacita cinthu cimene akulu ake anamletsa. Anadzilowetsa yekha kapaipi mumtsempha wa pamkono, nakakankha kufikira katalowa mumtima mwake, najambulitsa cithunzi ca X-ray monga umboni. Ambiri anamuyesa wopenga, koma anaonetsa kuti mtsempha ndi msewu umene dokotala angayendemo munthu osafa. Mu 1956 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards, amene anapititsa nchitoyo patsogolo.

Cotsala cinali kupeza khomo lolowera popanda kudula. Analipeza ndi Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden mu 1953. Njira yake ndi yapafupi: kubaya singano mumtsempha, kupisa waya wofewa m'kati mwa singanoyo, kucotsa singano, ndi kubveka kapaipi pa wayayo kuti kalowe motsatira. Madokotala pa dziko lonse akali kulowa mumtsempha mwa njira yomweyi.

Gogo amene anakana kudulidwa mwendo

Kufikira nthawi imeneyo kapaipi kanali kongoonera matenda. Amene anakasandutsa cida cociritsira ndi Charles Dotter wa ku Portland m'dziko la United States. Pa 16 Januwale 1964 anamutumizira mayi wokalamba wa zaka 82 amene phazi lake lamanzere linali ndi cilonda cosapola, zala zina zitayamba kale kuda. Madokotala a opaleshoni anati mwendo udulidwe, koma gogoyo anakanitsitsa. Dotter anajambula naona kuti mtsempha wa m'nchafu unali wopanikizika pamalo afupi. Anapisa waya pamalopo, natsatiza kapaipi, nabvekanso kena kokulirapo pamwamba pake, kufikira njira itafutukuka. Phazi limene linali lozizira linayamba kufunda, ululu unatha, ndipo cilonda cinapola. Gogoyo anatuluka m'cipatala akuyenda ndi miyendo yake iwiri, nakhalanso ndi moyo zaka zoposa ziwiri.

Madokotala ambiri a kwao kwa Dotter sanaikhulupirire nchitoyi, koma a ku Europe anaitola. Mmodzi wa iwo anali Andreas Grüntzig, mbadwa ya ku Germany amene anali kugwira nchito ku Zurich m'dziko la Switzerland. Iye anaganiza zoika kabaluni kunsonga kwa kapaipi, kuti kalowe kali kophwa, kakafufume pamalo opanikizika okha, ndi kuphwanso potuluka. Tibaluni toyamba anali kutipanga madzulo pa thebulo la m'khichini mwake, mothandizidwa ndi mkazi wake ndi anzake a pa nchito. Mu 1974 anatsegula nako mtsempha wa m'mwendo, ndipo pa 16 Sepitembala 1977 anatsegula mtsempha wa mtima wa mwamuna wa zaka 38, wodwalayo ali maso. Atamujambulanso patapita zaka 10 anapeza mtsemphawo ukali wotseguka. Grüntzig sanaione tsikulo, pakuti anafa pa ngozi ya ndeke mu 1985, caka comweco cimene Dotter anamwalira.

Mmene nchitoyi imagwiridwira

Wodwala amagona pa bedi lapadera limene lazingidwa ndi makina a X-ray. Dokotala amabaya mankhwala ocititsa dzanzi pamalo olowera, mwina m'mphecepece, mwina pamkono pafupi ndi dzanja. Kawirikawiri amafunafuna mtsempha ndi sikani yonga imene amapimira amayi apakati, kuti singano isaphonye. Kapaipi kakalowa wodwala samva kuyenda kwake. Dokotala amathira mankhwala oonetsa mitsempha, ndipo pa galasi pamaoneka pamene magazi akuyenda ndi pamene aima. Pamenepo amaolotsa waya wopyapyala pamalo otsekekawo, natsatiza kabaluni, nakafufumitsa kwa kanthawi kocepa. Pomaliza amatulutsa zonse, natsindika pa bala kufikira magazi ataleka.

Kabaluni kokha kanali ndi colakwa cake. Mwa odwala atatu alionse amene anatsegulidwa mtsempha wa mtima, pafupifupi mmodzi anali kubwereranso patapita miyezi yowerengeka njira itapanikizikanso. Motero akatswiri anapanga kaukonde ka waya kolukidwa ngati mono wogwirira nsomba, kochedwa stent, kamene kamatsala mkati kucirikiza makoma. Mu 1986 Jacques Puel wa ku Toulouse m'dziko la France ndi Ulrich Sigwart wa ku Lausanne anaika ma stent oyamba m'mitsempha ya mtima wa anthu. Kuyambira mu 2002 kunabwera ma stent opakidwa mankhwala oletsa mnofu kumerera mkati, ndipo kutsekekanso kunacepa kwambiri. Koma munthu woikidwa stent ayenera kumwa mapiritsi oletsa magazi kuundana, monga aspirin, tsiku ndi tsiku monga mwa malangizo a dokotala. Kuwaleka cifukwa coti thupi lapeza bwino kukhoza kutseka stent mwadzidzidzi.

Kukoka magazi oundana mu ubongo

Sitiroko siisankha wolemera kapena wosauka. Anthu a m'Zambia akumbukira kuti inagwira malemu Pulezidenti Levy Mwanawasa ali ku msonkhano ku Egypt mu Juni 2008, namwalira ku Paris pa 19 Ogasiti caka comweco. Nthendayi iri ya mitundu iwiri: mwina mtsempha wa ku ubongo watsekeka, mwina waphulika. Zizindikiro zake zimafanana, ndipo makina a CT ndiwo amasiyanitsa. Pa dziko lonse wofala ndi mtundu wa kutsekeka, koma mu Africa mtundu wa kuphulika ukupezeka kwambiri koposa ku Europe, makamaka cifukwa ca BP yosaciritsidwa.

Ngati mtsempha watsekeka, pali mankhwala osungunula magazi oundana, koma kwa odwala ambiri amaperekedwa mkati mwa maola anai ndi theka okha, ndipo kawirikawiri amalephera ngati cotseka ciri cacikulu. Tsono madokotala anaphunzira kukwera ndi kapaipi kucokera m'mphecepece mpaka m'mutu, kukola magazi oundanawo ndi kaukonde kapena kuwayamwa, ndi kuwatulutsa kunja. Umboni woyamba wamphamvu unacokera ku Netherlands, kumene anafufuza odwala 500, zotsatira zake nizifalitsidwa kumayambiriro kwa 2015. Mwa anthu 100 alionse amene anacotsedwa magazi oundana mkati mwa maola 6, okwana 33 anacira kufikira potha kudzisamalira okha, pamene mwa 100 amene analandira cithandizo ca masiku onse anali 19. Mu 2018 kunaonekanso kuti odwala ena, amene zithunzi zionetsa kuti mbali yaikulu ya ubongo wao ikali yamoyo, akhoza kuthandizidwa ngakhale patapita maola 24. Komabe ola lirilonse limene lipita limacepetsa mwai wa kucira.

Pamene mtsempha watupa kapena ukukha magazi

Si nthenda zonse za mitsempha zimene ziri za kutsekeka. Nthawi zina khoma la mtsempha limafooka nilitupa, monga chubu ya njinga imatulukira pamene tayala lang'ambika. Cotupa cotere cikaphulika pa mtsempha waukulu wa m'mimba, anthu ambiri amafa asanafike ku cipatala. Kale mankhwala ake anali opaleshoni yaikulu yong'amba mimba yonse. Mu 1987 Nikolai Volodos wa ku Kharkiv ku Ukraine, ndiponso mu 1990 Juan Parodi wa ku Buenos Aires ku Argentina, anaonetsa kuti paipi ya nsalu yolimba yocirikizidwa ndi waya ikhoza kulowetsedwa yopindidwa kudzera m'mphecepece ndi kutambasulidwa mkati, magazi namayenda m'paipimo osakankhanso khoma lofookalo. Wodwala amacira msanga, koma ayenera kumapita kukajambulidwa moyo wake wonse, pakuti paipiyo nthawi zina imadontha m'mbali. Za zotupa za mu ubongo, Guido Guglielmi wa ku Italy, akugwira nchito ku Los Angeles, anayamba mu 1990 kuzidzaza ndi timawaya tofewa ta platinum kuti magazi aundane m'menemo cotupa cisaphulike.

Kapaipi kamene kamatsegula njira kakhozanso kuitseka dala. Kutaya magazi ambiri pambuyo pa kubereka ndiko kumapha amayi ambiri pa ucembere pa dziko lonse. Cithandizo coyamba ndi mankhwala okhwimitsa ciberekero amene azamba a ku kiliniki amabaya, ndipo ici ndico cifukwa cimodzi cacikulu coberekera ku cipatala. Koma zonse zikakanika, kale cotsala cinali kucotsa ciberekero. Kuyambira mu 1979 madokotala anaonetsa kuti akhoza kufika ndi kapaipi pa mtsempha umene ukukha ndi kuutseka ndi tizidutswa tofewa, mayi napulumuka ndi ciberekero cake. Mu 1995 Jacques Ravina wa ku Paris analengeza kuti njira yomweyi imafotetsa zotupa za m'ciberekero zochedwa ma fibroid, zimene zimabvutitsa kwambiri amayi acikuda, pozimana magazi amene zimakulira.

Malire ake

Nchitoyi iri ndi ngozi zake. Pamalo obaya pakhoza kukha magazi, kacidutswa kakhoza kuthothoka nikakatseka mtsempha wina patsogolo, ndipo mankhwala oonetsa mitsempha akhoza kupweteka impso za munthu amene impso zake zinali zofooka kale. Kuwala kwa X-ray kukacuruka kumaononga thupi, ndiye cifukwa cake madokotala ndi anamwino amabvala malaya olemera okhala ndi mtovu. Pali odwala ena amene opaleshoni yong'amba ndiyo iwayenera koposa, makamaka ngati mtsempha watsekeka mtunda wautali. Ndipo palibe kapaipi kamene kangadzutse mnofu umene unafa kale. Phazi likada lonse, dokotala alibe cocita koma kulidula kuti apulumutse mwini wake.

Bvuto linanso ndi mtengo. Makina ake ndi odula, amafuna magetsi osazimazima ndi amisiri owakonza, ndipo waya, kabaluni ndi stent zimagulidwa kunja ndi kugwira nchito kamodzi kokha. Koposa zonse pafunika anthu ophunzira. Dziko la Tanzania linayamba mu 2018 kuphunzitsa madokotala a nchito imeneyi pa cipatala ca Muhimbili ku Dar es Salaam, aphunzitsi akubwera mosinthana kucokera ku maiko akunja, ndipo oyamba anatsiriza maphunziro mu 2021. M'Zambia muno maphunziro a madokotala a matenda a ubongo anayamba mu 2018 pa cipatala ca UTH ku Lusaka, ndipo mu 2021 cipatala ca mtima, National Heart Hospital, cinayamba nchito, kumene odwala mtima ena amathandizidwa ndi njira ya kapaipi.

Mbali ya anthu a kumudzi

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 500, ndipo wodwala wa kumudzi ayenera kuyamba wafika ku kiliniki, kenaka ku cipatala ca m'boma, asanatumizidwe kutsogolo. Pa sitiroko, ulendo wotere umadya maola amene ubongo ulibe. Motero kwa anthu okhala kutali cida cacikulu ndi kupewa. BP siimva kupweteka, ndipo munthu akhoza kulima munda wake wonse ali nayo osadziwa. Kuipimitsa ku kiliniki kumatenga mphindi zowerengeka. Wopezeka nayo ayenera kumwa mankhwala masiku onse, osati pokhapo mutu ukapweteka, ndi kucepetsa mcere m'ndiwo. Wosuta aleke fodya, kaya wa m'sitolo kaya wopota yekha, pakuti palibe cimene cimaononga mitsempha ya m'miyendo msanga koposa fodya ndi shuga.

Nthenda ya m'miyendo, mosiyana ndi sitiroko, kawirikawiri imacenjeza. Munthu amamva kupweteka m'katumba akayenda mtunda, akaima kumaleka, akayambanso kuyenda kumabwerera. Pambuyo pake phazi limapweteka usiku ali gone, ndipo amapezako bwino akalendewetsa mwendo pansi. Phazi limodzi limazizira koposa linzake, ndipo kacilonda ka pa cala kamatha milungu osapola. Pa nthawi imeneyi mwendo ukhoza kupulumuka, ndipo nthawi ya ulendo wa ku cipatala cacikulu iripo. Wodwala shuga ayenera kuyang'ana mapazi ake tsiku lirilonse, ndi pakati pa zala pomwe, asayende wopanda nsapato, asaothe moto pafupi ndi phazi ladzanzi, ndipo asalole kutemedwa mphini paphazi, pakuti bala laling'ono pa phazi losowa magazi ndilo ciyambi ca kuola. Mwendo ukazizira mwadzidzidzi, nukhala ndi ululu waukulu ndi dzanzi, imeneyo ndi ngozi ya maola owerengeka, ndipo wodwala anyamulidwe nthawi yomweyo.

Zizindikiro za sitiroko nazonso aliyense akhoza kuzidziwa: kamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, ndi mau kusamveka bwino. Cifukwa cakuti nthendayi imagwa ngati mphezi pa munthu amene anali bwinobwino, mabanja ambiri amaganiza za ufiti nayamba kufunsira kwina, nafika ku cipatala patapita masiku. Abale aloweze nthawi imene cizindikiro cinayamba, pakuti ndilo funso loyamba la dokotala, asampatse wodwala cakudya, madzi kapena mapiritsi cifukwa akhoza kutsamwa, ndipo afune galimoto msanga. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zocepa, munthuyo apitebe ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti limenelo ndi cenjezo la sitiroko yaikulu. Cimodzimodzi kuphwanya pacifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kodza ndi thukuta ndi befu.

Akulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Akatswiri anatha zaka zoposa 100 kuphunzira kuyenda mkati mwa mtsempha wa munthu, ndipo nzeru zimenezo zayamba kufika m'zipatala za m'cigawo cino ca Africa. Kuti zipindulire mlimi, afunika kufika pa khomo la kiliniki phazi likali lofunda.